Besi ya a Namakhwa

Mukafunsa Mmalawi aliyense wa ku Ilford kuti a Felton Namakhwa ndi ati, ayamba wakuyankhani ndi manja, kutambasula mikono ngati akuyeza chitseko. Ndi chimunthu a Felton. Akakwera basi yosanja ija amakhala pansi, chifukwa pa masitepe okwerera m'mwamba mapewa amakhula uku ndi uku. Kwawo ndi ku Phalombe, ntchito yawo ndi ya ukalipentala, ndipo kuno ku London anabwera ngati katundu wa akazi awo. Musandidzudzule, mawuwo ndi awo omwe. Mayi Etta ndi amene anapeza ntchito ya unesi m'chaka cha 2001, nthawi ija manesi ankatuluka m'dziko mwathu ngati ngumbi mvula ikagwa. Chaka chotsatira anaitanitsa bambo ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Chiye, ali ku sekondale.

"Kumudzi ndinali mkamwini, kuno ndine mkamwini wa pa viza," ankatero a Felton akuseka. "Kungoti kuno apongozi ndi boma."

Ntchito anaipeza pa nyumba ina yosungirako okalamba ku Ilford komweko. Chitseko chikamalira, mpando ukamagwedera, shelefu ikawerama, amaitana iwo. Anawapatsa kashedi kuseri kwa khitchini, momwe munali benchi, sowo, puleni ndi ketulo. Munthu wake ngosapirira chinthu chopendekeka. Ngakhale kunyumba kwa eni, mukawapatsa tiyi mungoona apinda kapepala, agwada, akukalowetsa kunsi kwa mwendo wa tebulo lanu, osapempha n'komwe.

Tsono banja lililonse lili ndi nkhani ya mmene linayambira, ndipo ya a Namakhwa tonse tinkaidziwa pamtima, chifukwa mayi Etta sankailola kuzizira. Pa phwando la ubatizo, pa chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu, ngakhale pa siteji ya basi, akangopeza khutu latsopano, basi yayambika.

"Ine ndinali mtsikana wa sopulano, mzere wakutsogolo," ankayamba choncho. "Tsiku limenelo tikuyimba, ndinangomva kumbuyo kwanga chinthu chikugunda, gudu gudu gudu, mpaka mabenchi kunjenjemera. Ndinati kodi ndi mvula ikutsika m'phiri la Michesi? Kucheuka, ndinapeza chimnyamata ichi chayasama kukamwa. Ndinati basi, besi imeneyi ndi yanga. Ambuye andikhululukire, ndinasankhira m'tchalitchi."

Anthu amafa nako kuseka. A Felton amayang'ana nsapato zawo, ndipo aliyense ankati koma bambowa ndi odzichepetsa.

Abale inu, besi ija sinali yawo.

Pambali pawo m'kwayamo pankaima Reinford, telala wa pamsika, kamunthu kakafupi, koonda ngati mpini wa khasu. M'kachifuwa kameneko ndi momwe munkatuluka bingu lija. Koma ndani akanakhulupirira? M'makwaya akwathu mphunzitsi sayamba wamva mawu, amayamba waona thupi. A Felton atangolowa pakhomo tsiku loyamba, mphunzitsi wa kwaya anangoloza ndi chala: "Iwe, kumbuyo uko, besi." Poti anali amanyazi, anangopita.

Mawu awo oyimbira anali ena. Polankhula ndi mwamuna ngati wina aliyense, koma akati ayimbe pansi, imatuluka mphepo yokha. Kwawo kunali m'mwamba: mawu opyapyala, osalala, okwera mpaka paja atsikana amayamba kutsokomola. Ali aang'ono anayesapo kamodzi kuyimba ali kubusa, anzawo n'kuwaseka mpaka kuwapatsa dzina lachikazi loti Nangozo. Kuchokera pamenepo anasoka pakamwa. M'kwaya ankangoyendetsa milomo motsatira Reinford. Koma nyimbo ikafika pokoma, mtima unkakana kukhala chete, ndiye ankaweramitsa mutu n'kumayimba mzere wa sopulano motsitsa zedi, pansipansi, ali n'chikhulupiriro choti bingu la mnzawo likuphimba zonse.

Reinford yekha ndiye ankadziwa, ndipo sankadandaula. "Iwe anakupatsa thupi, ine anandipatsa mawu," ankatero. "Tikaima pamodzi tikukwana munthu mmodzi." Anawaperekeza pa ukwati wawo, anawasokeranso suti. Zaka zinayenda choncho, Lamulungu lililonse Reinford akugunda, mayi Etta akunyadira. Akati bambo ayimbeko kunyumba, yankho linali lokonzeka kale: "Besi si ya m'nyumba, mayi a Chiye. Ingagwetse mbale pa shelefu."

Ku London kunalibe Reinford. Amalawi a mpingo wawo ankakumana Lamulungu masana mu holo ya lendi ku Lewisham, ndipo kwaya yake inali manesi okhaokha, kuphatikizapo mwamuna mmodzi wa besi, a Bonaventure ochokera ku Ndola. A Felton ataona mmene zinthu zinalili, anayamba kupempha shifiti ya Lamulungu lililonse. Abwana awo mpaka ankawaloza kwa anzawo, amvekere sanaonepo munthu wokonda ntchito chotere.

Amene analowa kwaya ndi mayi Etta, koma sizinayende. Nyimbo ikafika pokwera, mawu awo ankathyoka ngati ndodo youma. Anatsikira ku alito. Kenaka anatsikiratu, n'kukhala oyang'anira tiyi ndi mabisiketi kumbuyo kwa holo.

"Mawu anga anatsala pa Chileka," ankatero. "Ine ndinkayimba chifukwa cha Effie, mnzanga uja ankaima pambali panga. Nyimbo ikamakwera ndinkamumva pakhutu apa, motsitsa, akundinyamula, ine n'kungotsatira. Popanda Effie ndine munthu wa tiyi."

Khirisimasi iliyonse ankamutumizira Effie mafuta odzola ndi nsapato. Nkhaniyi ankainena moseka, koma inkawapweteka. Potsuka mbale amayamba nyimbo, ikafika pamtunda n'kuisiya, kumangomveka madzi a pampopi. A Felton ankawamvera chisoni kwambiri, n'kumati mwina ndi kuzizira kwa kuno ndi mashifiti a usiku.

Pali chimbale china cha nyimbo chomwe a Felton anachipeza m'chaka cha 2006, m'sitolo ina ija yogulitsa zinthu zakale pothandiza ovutika. Analowamo pothawa mvula, za nyimbo analibe nazo ntchito. Ali chiimire pafupi ndi bokosi la zimbale za galamafoni, diso linagwera pa chithunzi. Anyamata achizungu, pamchenga, tsitsi lopesa bwino, atanyamula thabwa lalitali. Koma thabwa lake, inu! Losongoka kutsogolo, m'mbali mozungulira ngati mwadutsa madzi, lonyezimira vanishi. A Felton anati awa ndi akalipentala anzanga, akuonetsa ntchito yawo. Chomwe chinawazunguza n'choti thabwalo ndi la chiyani. Chitseko ayi. Tebulo ayi. Mwina lositirapo zovala za anthu a msinkhu wawo. Anagula chimbalecho chifukwa cha thabwa basi.

Chiye atachiona anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Adadi, siriyasi? Si akalipentala awa, ndi bandi ya ku America ya kalekale, inu muli mwana. Thabwalo amaimapo panyanja, mafunde n'kumawatenga. Ndi masewera."

"Amaimapo dala?"

"Eya, amachita kudikirira funde lalikulu."

A Felton anapukusa mutu. "Kwathu madzi akaima ngati phiri timathawa, ameneyo ndi Napolo. Awa akuwathamangira, ndi thabwa labwino chonchi?"

M'chipinda chosungiramo katundu kuntchito kuja munali galamafoni yopanda mwini, chivundikiro chake chothyoka. Anaikonza, n'kuilowetsa m'kashedi. Tsiku lina nthawi ya chakudya cha masana anatseka chitseko, anathira tiyi, anaika singano pa chimbale.

Poyamba anangomva gitala ikuthamanga ngati makina osokera a Reinford, ng'oma zikuithamangitsa pambuyo. Nyimbo zake zazifupi, usanamalize kupala mbali imodzi ya thabwa yatha, ina yayamba. Nkhani zake ndiye musafunse: mafunde, dzuwa, magalimoto, atsikana, kenaka mafunde omwe aja. Mulibe maliro, mulibe njala, mulibe apongozi. A Felton anati anyamatawa sanalimepo.

Ndipo monga mmisiri, sanachite kufunsa kuti ntchitoyi inali ya anthu ongoyamba kumene. Nyimbo zina zinali zongotsekera mpata, monga timachitira ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Ina inalibe mawu n'komwe, ngati anawathera panjira. Wotsogolera ankayimbira m'mphuno. Pena ng'oma imafulumira, anzake n'kumaithamangira. Zonsezi anaziona, ndipo mpaka lero mukawafunsa adzakuuzani osabisa kuti chimbalecho sichinadutse sandipepala paliponse.

Koma pamene mawu onse analowera pamodzi, anaika kapu pansi. Mawu anayi kapena asanu, ena pamwamba pa anzake, oyandikana kwambiri moti ukanati agundana, koma ayi, akulowana bwinobwino. Iwo amadziwa matabwa awiri akalumikizidwa popanda msomali, ukayendetsa chala osapeza pamene akumana. Zinali zimenezo. Ndipo pamwamba pa onsewo panali mawu amodzi, opyapyala, oyera, akungoyandama osachita khama.

Anati mtsikana ameneyu amatha. Anatenga chikuto kuti amuone. Palibe mtsikana. Anatembenuza kuseri. Palibe mtsikana. Anabweza singano, anatchera khutu pafupi ndi sipika, anamvetsera mpaka pamene woyimbayo amakokera mpweya.

Mwamuna!

Anakhala pa benchi, tiyi n'kuzizira. Mwamuna, wandevu zake zometa, akuyimba m'mwamba muja masana dzuwa likuswa mtengo, osawerama, osabisala kuseri kwa munthu. Ndipo anzakewo sankamuseka. Iwo ndi amene anamuyalira pansi kuti aime bwino. Nanga anthu anachita kugula chimbale chimenechi, kuchikweza sitima, kuchisunga zaka zonsezi mpaka chidzapezeke ku Ilford tsiku la mvula? A Felton misozi inalengeza, iwo n'kunamizira utuchi ngakhale munalibe wowaona.

Kuyambira pamenepo kashedi kaja kanasanduka tchalitchi chawo. Nthawi ya nkhomaliro amatseka chitseko, amayatsa makina opalira kuti aphimbe phokoso, n'kukwera limodzi ndi mnyamata uja. Kunja kukhale mdima wa Disembala uja umagwa anthu asanaweruke, m'kashedi munali dzuwa ndi mchenga. Ankadziwa pamene singano imadumpha, n'kumadumpha nayo. Yomwe ankaikonda koposa inali ina yodekha, chakumapeto kwa mbali yachiwiri, momwe gitala imakhala pansi n'kusiyira mawu okhaokha. Munthu wosadziwa kusambira, woopa ngakhale bafa likadzaza, ankaweruka akununkhira nyanja. Chimbalecho sanapite nachonso kunyumba.

Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. M'chaka cha 2008 Chiye anabweretsa mnyamata, Andrew, wa ku Lilongwe, wogwira ntchito za makompyuta, wokhala ku Wembley. Mwana waulemu, wodziwa kugwada. Ankhoswe anakambirana, ukwati anauika mu Ogasiti. Zonse zinkayenda bwino mpaka tsiku lomwe komiti inakumana pa fulati ya a Namakhwa, mayi wina wa kwaya n'kubwera ndi uthenga woti a Bonaventure apeza ntchito ku Leeds, asamuka kale.

"Ndiye tiyimba bwanji ukwati popanda besi?" anadandaula mayiyo.

Mayi Etta anaika fulasiki pansi. "Besi? Mukusowa besi m'nyumba muno? Inu simukumudziwa munthu wakhala apayu. Bambo a Chiye, shifiti kapena ayi, pa ukwati wa mwana wanu muyimba. Anthu awa andimve kuti sindinkanama."

Onse anaomba m'manja. Chiye anadumpha n'kuwakumbatira m'khosi. "Adadi, pulizi! Ndinaimva komaliza ndili kumudzi."

A Felton anamwetulira mongodzikakamiza. Kusekedwa ndi anthu sankakuopa kwenikweni, anakula nako. Chomwe ankaopa ndi nkhope ya mayi Etta. Mkazi ameneyu anawauza anthu a m'mayiko awiri kuti anakwatiwa ndi besi. Akadzamva kuti besiyo inali ya katelala ka pamsika, adzati anakwatiwa ndi chiyani? Ndi thupi lokha?

Anayamba ndi nzeru za chimfine. Anali atamva kuti munthu akagwidwa chimfine mawu amanenepa. Ndiye anamwa madzi a ayezi m'mawa uliwonse. M'basi ankasankha kukhala pafupi ndi aliyense wotsokomola. Ankayenda chifuwa chili pamtunda, mvula ikamawaza iwo ambulera ili m'khwapa. Koma chimfine, chomwe chimagwira munthu osachiitana, chinawalambalala ngati chamva nkhani. Komanso kodi ungadwale bwanji utakwatira nesi? Atangoyetsemula kamodzi, mayi anali atafika kale ndi jinja, ndimu ndi uchi, amvekere besi yanga isawonongeke.

Kenaka anagula khadi loyimbira kunja n'kuyimbira Reinford. Atamufotokozera, Reinford anaseka mu besi mpaka foni kunjenjemera m'manja.

"Nditumizire tikiti, ndidzabisale m'jekete lako. Ndikwanamo ine."

"Usaseke, Reinford, ndili pamoto."

"Ndiye uwauze alamu. Munthu wagona naye nyumba imodzi mpaka imvi, ungamuope chifukwa cha nyimbo?"

Anayesadi. Tsiku lina m'mawa mayi Etta atafika kuchokera ku shifiti, mapazi atatupa, a Felton anawatenthetsera madzi, anakhala pansi n'kumawasisita. Mawu anali atafika kale pa lilime. Mayi, maso ali chitsinzinire, anayamba ndi iwo.

"Mukudziwa, bambo a Chiye, chikundilimbitsa masiku ano n'chiyani? N'choti ndidzaimvanso besi ija. Mawu anga anapita, koma anu ndidzawamve."

A Felton anameza mawu aja pamodzi ndi malovu. Zengerezu analinda kwawukwawu. Ku mapulakatisi sanapondeko, ati shifiti, ndipo mayi ankawaikira kumbuyo kuti munthu wotere safuna pulakatisi. Nzeru yomwe inatsala inali imodzi: kukaima kumbuyo, kutali ndi maikolofoni, kung'ung'udza pang'ono, kiyibodi iphimbe zotsalazo.

Tsiku la ukwati dzuwa linawala ngati lachita kulipidwa. Holo ya ku Lewisham inadzaza, amayi atavala zitenje zofanana, abambo akutuluka thukuta m'masuti, fungo la mpunga ndi nkhuku likuchokera kukhitchini. Mayi Etta anakhala ku tebulo lapamwamba, duku lawo lalitali ngati lifika kudenga. Woyendetsa mwambo anali Brave, munthu woti akagwira maikolofoni salola ntchentche kudutsa osaiyankhulira. Ataitana kwaya, manesi anafola mzere, ena atangochoka ku shifiti ya usiku, maso ofiira, mapazi akukana nsapato zazitali. A Felton anakaima kumbuyo kwawo, pakona.

"Ayi, ayi, ayi!" anakuwa Brave. "Bambo a mkwatibwi abisale? Besi ya ku Phalombe imeneyi, tamva mbiri yake zaka zonsezi. Lero imveke mpaka ku Wembley!"

Ananyamula chitsulo cha maikolofoni, anachikweza mpaka pomwe chimathera, n'kuchiimika patsogolo pa a Felton. Chinawafika pachifuwa. Iwo anaimika khosi ngati tambala kuti pakamwa patalikire.

Woyimba kiyibodi, kaya ndi chisangalalo kaya n'chiyani, anaiyamba nyimbo pamwamba kuposa pamene amaiyambira. Ndime yoyamba inadutsa, a Felton akuyendetsa milomo, ikutuluka mphepo. Anthu anagwedezerana mitu kuti akusunga mphamvu, dikirani muone. Ndime yachiwiri ndi ija imakwera phiri. Manesi otopa aja anayamba kukwera, anakwera, kenaka mawu anayamba kuwerama pakati ngati shelefu yomwe aisenzetsa mabuku ambiri. Pang'ono pokha, koma a Felton anazimva m'mano. Anayang'ana Chiye, ali mu veilo yake akumwetulira. Nyimbo ya mwana wawo igwe pansi iwo ali pomwepo?

Sanaganize n'komwe. Thupi linangochita zomwe linazolowera ku Phalombe. Anaweramitsa mutu kuti achirikize motsitsa, pansipansi, munthu asamve. Anaiwala kuti kuweramako kwafikitsa pakamwa pa maikolofoni.

Mayo ine! Mawu aja anatuluka m'masipika onse anayi, opyapyala, oyera, n'kudzaza holo mpaka kukhitchini. Anthu anayamba kusuzumira mzere wa manesi kuti ndi uti ameneyu. Manesi nawo anayang'anana. Kenaka mitu yonse inakwera pang'onopang'ono mpaka inafika pa chimunthu chili kumbuyo. Wina anaphulika kuseka. Ana anatsatira. Brave, kwa nthawi yoyamba chibadwire, anangoti kukamwa yasa.

A Felton anadzimva okha m'masipika, thukuta kuti chuu. Akanatha kusiya. Koma ukachotsa dzanja pa shelefu usanakhome, zonse zimagwa, ndipo manesi aja anali atatsamira kale pa iwo, nyimbo itawongoka. Anakumbukira mnyamata wa pa chimbale, amene sankawerama. Anati zachitika zachitika. Anagwira maikolofoni, anadzutsa mutu, n'kuwamasula mawu onse monga ankachitira m'kashedi.

Kuseka kunazilala. Ku tebulo lapamwamba mayi Etta anaimirira.

Mayi anatuluka kuseri kwa tebulo, osamwetulira, osayang'ana munthu, anadutsa pakati pa holo duku likugwedera. A Felton mumtima anati akubwera kudzandilanda maikolofoni, kapena akutuluka panja, ndipo sindikudziwa chopweteka kwambiri n'chiti. Mayi anafika pa kwaya, anakankha nesi wina pang'ono ndi chigongono, anaima kutsogolo kwenikweni kwa amuna awo n'kuwafulatira. Ndime yomaliza itayamba, anatsegula pakamwa.

Anakwera. Pamtunda paja ankasiyira potsuka mbale anapadutsa osatsokomola, mawu a bambo ali pakhutu pawo, awiriwo atalowana moti sukanapeza pamene akumana. Nthungululu zinasweka holo yonse. Chiye anaiwala za mekapu, analira ngati mwana wa mkaka, Andrew akumupukuta ndi mpango wa m'thumba la suti.

Nyimbo itatha, anthu atatembenukira ku pelekanipelekani, mayi Etta anawakoka bambo ndi jekete mpaka panja, pafupi ndi khomo la khitchini.

"Ndiye Effie uja munali inu."

"Ine sindinkadziwa kuti mumamva, mayi a Chiye. Ndinkayesa ndikudziyimbira ndekha."

"Nanga besi?"

A Felton anayang'ana nsapato. "Reinford."

"Reinford wake uti? Katelala kaja?"

"Komweko."

Mayi Etta anaseka mpaka anachita kugwira khoma. "Ambuye wanga! Ine kumatumiza mafuta ndi nsapato chaka ndi chaka, Effie n'kumangolandira, osafunsa n'komwe kuti ndalakwanji kuti andikonde chonchi! Ndiye luso limeneli mwakhala mukulinolera kuti?"

"M'kashedi. Muli anyamata ena ake a thabwa, amandiphunzitsa."

"Abwere kunyumba anyamatawo, ndiwamve."

A Felton anadikira kuseka kuthe, kenaka anafunsa chomwe chinkawadya. "Simunakhumudwe? Paja munakwatiwa ndi besi."

Mayi anasiya kuseka, maso atadzaza madzi. "Besi inangondicheutsa tsiku limodzi lija. Mawu anuwa ndi amene ndakhala ndikuwalira chibwerereni kuno. Kukhumudwa ndakhumudwa, osati pang'ono. Zaka zonsezi ine ndikugawa tiyi kumbuyo kwa holo, ndikuyesa mawu anga anafa, inu muli ku shifiti ya Lamulungu mukuthawa?"

A Felton anamva chisoni kuposa manyazi onse a tsikulo.

M'katimo Brave anali atapezanso lilime lake, akukuwa kuti kwaya ibwerenso, anthu sanakhute. Mayi Etta anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, anakonza duku, anawakonzeranso bambo tayi yomwe inali itapendekeka.

"Tiyeni," anatero. "Mukaime kumbuyo kwanga, ndipo muwerameko pang'ono ngati kale."